Juzi ya m'sutikesi

Kunyumba yosamalira okalamba ku Croydon, kumene ndinkagwira ntchito, kunali mayi ena amene pa utsikana wawo ankawomba nsalu za ubweya wa nkhosa m'fakitale, kumpoto kwa dziko la azungu lino. Makina anawagonthetsa khutu limodzi. Fakitaleyo inatsekedwa kalekale, koma zala zawo zinali zisanamve uthengawo: tsiku lonse zinkangoluka.

Ine, amene sukulu yanga yeniyeni ndi laibulale, ndinakabwereka mabuku a mbiri ya dziko lawo. Uku ndikuwakonzera mapilo, ndinkawafotokozera kuti dziko lawoli linalemera ndi nkhosa lisanalemere ndi malasha, kuti mpaka lero mkulu wina kunyumba ya malamulo amakhalira thumba la ubweya. Iwo ankanditembenuzira khutu logontha lija.

"Tambasula mikono, pulofesa, ndikuyeze," anatero tsiku lina.

Juzi imene anandilukira inawatengera nyengo yonse yozizira, chifukwa nyamakazi inali itayamba kuwapinda zala. Inali yobiriwira, yolemera ngati bulangeti. Ndinailandira ndi manja awiri.

Kwathu chovala chabwino sitipita nacho kuntchito. Chimagona m'sutikesi kudikira tsiku lake. Ndinaipinda bwinobwino kuti ndidzaivale kumudzi m'chisanu cha Juni, mayi anga adzaone kuti kunja kuno ndili ndi anthu.

"Juzi ija ili kuti?" ankandifunsa mayi oluka aja.

"Ndasunga, amayi."

"Wasungira ndani? Nkhosa unaionapo itasiya ubweya wake m'kabati?"

Ndinkangoseka, n'kumati ndikuwapatsa ulemu. Chonsecho iwo ankangofuna kuiona ikuyenda m'khonde, muli munthu m'kati mwake.

Ulendo wakumudzi unangokhala wa mawamawa. Tsiku limene ndinatsegula sutikesi, ndinapeza njenjete zitachita kale phwando, pachifuwa ndi m'khwapa monse muli mabowo. M'mabuku anga aja za njenjete munalibe, kapena tsambalo ndinalidumpha pothamangira za mafumu.

Ndinaivala momwemo n'kulowa m'chipinda cha mayi aja. Anapisa chala pabowo lina mpaka kundigunda nthiti.

"Chikhala chaka chatha ndikanaisoka," anatero, akuyang'ana manja awo, amene tsopano sankathanso kugwira ngakhale supuni. "Tatembenuka ndione kumsana."

Kumsanako njenjete zinali zisanafike. Anati ndiime choncho pang'ono, ndipo ndinaima, nkhope ili kukhoma.