Ndinalembera Mwana Wanga Mudzi wa Eni

Inu owerenga, amene anachotsetsa mwana wanga ku yunivesite ndine bambo ake omubereka. Sanalephere mayeso, sanabe kanthu, sanachite chipongwe kwa wina aliyense. Ndinachita ndine, ndi bolopeni ya buluu, nditakhala pa makina anga osokera ku Chibavi. Nkhaniyi ndaisunga zaka zambiri, koma ndikumva makolo anzanga akunong'onezana nzeru zonga zomwe zinandipweteka ine, ndiye ndati ndiulule.

Ine ndine telala. Ndinabwera mu Mzuzu kuchokera ku Rumphi kudakali tchire ku Nkhorongo. Yunivesite itayamba kukula ntchito yanganso inakula, chifukwa chaka ndi chaka ana omaliza maphunziro ankabwera kudzasoketsa masuti ndi madiresi a tsiku lolandira madigiri. Ndinkawayeza ana a eniwo mtima ukundikoka, ndikudziuza kuti tsiku lina ndidzayezanso wanga. Wangayo ndi Tiwonge, mwana wanga woyamba, amene ankakhoza kusukulu mpaka aphunzitsi ake ankandiimitsa pamsewu kundipatsa moni ngati ndine munthu wofunika.

Zotsatira za mayeso a Fomu 4 zitatuluka, Tiwonge anapeza mapointi 12. Pa mayeso amenewa mapointi akachepa ndiye kuti mwana wakhoza kwambiri. Mnzake wapamtima Mariamu anapeza 16. Mariamuyu ndi mwana wa Che Yusufu, Msilamu wa ku Mangochi amene anali ndi golosale moyang'anana ndi shopu yanga. Tinkakhala bwino kwambiri. Mathalauza ake onse ndinkasoka ndine, ndipo akaphika mpunga pa chikondwerero chawo mbale inkaoloka msewu kubwera kwathu.

Masiku amenewo posankha ana opita ku yunivesite za boma ankayang'ananso boma limene mwana akuchokera, chifukwa boma lililonse linali ndi malo ake owerengeka. Apa ndi pomwe panalowera mantha. Anthu odikira zovala pa benchi langa, ena oti ngakhale Fomu 2 sanaione, onse anasanduka akatswiri a maphunziro. Mmodzi anandiuza akutafuna chinangwa kuti, "Adada, kwanu ku Rumphi ana okhoza ngambiri chomene. Thwelofu points kumeneko ndi masewera. Akanakhala wa boma lina, straight." Ndinaseka nawo, koma mawuwo anandikhala m'mutu ngati phokoso la makina. Sindinafunse mphunzitsi aliyense. Ndinkaona kuti ndikudziwa kale.

Mafomu ofunsira malo atabwera, azakhali ake a Tiwonge anadwala kumudzi ndipo iye anapita kukawasamalira. Asananyamuke analemba maphunziro amene ankafuna, nasaina pansi, n'kundisiyira fomuyo kuti ndikaitumize. "Zotsalazo mumalize adada, ndi za kwathu basi," anatero akukwera minibasi. Mawu amenewa ndimawamvabe mpaka lero.

Tsiku lomwelo masana ndinaoloka msewu ngati ndikukagula shuga. Ndinayamba kucheza ndi Che Yusufu za kwawo, kufunsa dzina la mudzi ndi la mfumu yaikulu ya dera lawo. Munthuyo anasangalala kuti ndikufuna kudziwa kwawo. Ananditchulira zonse pang'onopang'ono, mpaka kundiitana kuti ndidzapite nawo nthawi ya mango. Ndinabwerera ku shopu n'kulemba zonsezo pa fomu ya mwana wanga. Munthu wozolowera kuchepetsa ndi kukulitsa zovala za anthu, ndinkaona ngati ndangokonza pang'ono kuti zimukwane. Amayi ake a Tiwonge sindinawauze.

Mayina a osankhidwa anatuluka mu nyuzi, dzina lililonse lili ndi boma lake pambali. Tiwonge analipo. Kunyumba kunali nthungululu, koma iye ataliyang'anitsitsa dzina lake anaseka n'kunena kuti amulembera Mangochi, apite akawauze akonze. Ndinamuletsa. Ndinati otayipa amalakwitsa nthawi zonse, ndipo akakayamba kufunsafunsa akhoza kudzichedwetsa yekha. Anandimvera, chifukwa anali asanandigwirepo bodza.

Dzina la Mariamu munalibe. Madzulo ake ndinaona Che Yusufu akuoloka msewu nyuzi ataipinda m'manja. Anaima pakhomo la shopu osalowa. "Zayenda bwino achimwene," anatero motsitsa mawu. "Koma sindinkadziwa kuti ndife akumodzi." Kenako anabwerera ku golosale yake. Sananenenso kanthu pa nkhaniyi, kwa ine kapena kwa wina aliyense amene ndikumudziwa. Kungoti kuyambira pamenepo mathalauza ake ankakasoketsa ku msika, ndipo mbale ya mpunga ija sinaolokenso.

Inu owerenga, chinthu chobisa chimadya tulo ndi chakudya chomwe. Galimoto ikaima pafupi ndi shopu ndinkasiya kupalasa makina. Envulopu iliyonse yobwera ndinkaitembenuza kawiri ndisanaitsegule. Ndikakweza maso ndinkaona Mariamu kuseri kwa kauntala akupima mchere, mwana amene ankawerenga ndi Tiwonge pa mkeka umodzi. Chaka choyamba chinatha popanda kanthu, Tiwonge akukhoza monga mwa masiku onse, ine n'kuyamba kudzinamiza kuti zapita. Ndinafika pogula nsalu yabwino yobiriwira ya diresi lake la tsiku la digiri, n'kuisunga m'dirowa.

Chaka chachiwiri chili pakati, akuofesi ya yunivesite anayamba kuunikanso mafailo a ophunzira, kufananitsa ndi zolembedwa za kusukulu kumene anachokera. Tiwonge anaitanidwa. Atamufunsa kwawo anayankha mosakayika kuti ku Rumphi, n'kutchula mudzi wathu ndi mfumu yathu. Ankaganiza kuti tsopano akonza cholakwika cha mu nyuzi chija. Ndi pamene anamuikira fomu ija patebulo. Anazindikira zilembo zanga nthawi yomweyo, zomwe zija ankaziona kuyambira ali mwana m'kope lolembamo miyezo ya makasitomala. Pansi pake panali siginecha yake.

Anamufunsa kuti analemba ndani. Mwana wanga anati analemba yekha. Ankaopa kuti akatchula ine ndikhoza kumangidwa. Patatha masabata angapo anamupatsa kalata yomuchotsa chifukwa cholowa ndi mbiri yabodza.

Anafika kunyumba ndi chikwama chake dzuwa likuswa mtengo, n'kuika kalatayo pa makina anga. Sanalire, sanakalipe. Anangondifunsa kuti, "Adada, mudzi umenewu munautenga kuti?" Nditamuuza anatseka maso. Kenako anaoloka msewu kupita kwa Mariamu, ndipo zimene anakambirana sindikuzidziwa. Ndikudziwa kuti ubwenzi wawo unathera pomwepo.

M'mawa mwake ndinavala jekete kuti ndikaulule ku ofesi ya yunivesite kuti wolakwa ndine. Ndinafika mpaka pageti. Ndinaona alonda, ndinaganiza za ndende ndi za manyazi kutchalitchi. Ndinabwerera n'kukatsegula shopu. Pa zonse zimene ndinachita, ichi ndi chimene chimandichititsa manyazi kwambiri.

Chomaliza chinandipeza patapita mwezi. Ndinakumana ndi mphunzitsi wa Tiwonge wa kusekondale pa depoti. Sanandiimitse ndi chimwemwe chija. Anandiuza kuti mtsikana wina wa m'kalasi mwa Tiwonge, wa ku Rumphi komweko, anasankhidwa chaka chomwecho pa maphunziro omwewo ali ndi mapointi 13. Mwana wanga akanalowa ndi dzina lake ndi mudzi wake, popanda nzeru zanga. Ngati malo amene ndinamubera anali a Mariamu kapena a mwana wina wa ku Mangochi amene sindidzamudziwa, sindingathe kunena, ndipo funso limeneli silindichoka.

Lero Tiwonge amaphunzitsa tiana pa sukulu ya mkaka ku Mzilawaingwe. Che Yusufu anagulitsa golosale n'kubwerera kwawo ndi banja lake, osatsazika. Nsalu yobiriwira ija ikadali m'dirowa. Tiwonge amandilemekeza, m'mawa amandipatsa moni wa Chitumbuka kuti "Mwawuka uli adada?" ndipo ndikadwala amabwera. Koma chaka chatha mdzukulu wanga, mwana wa Tiwonge, anabwera ndi fomu yoyambira Sitandade 1, ine ndi chizolowezi ndinatola bolopeni. Tiwonge anaichotsa m'manja mwanga mwaulemu. "Lekani adada, ndilemba ndekha," anatero.

Makolo anzanga, ndikudziwa kuti malo ku yunivesite ndi ochepa ndipo mantha anu ndi enieni. Malamulo a kasankhidwe amasintha, koma anthu a pa benchi okuuzani njira zachidule sadzatha. Musawamvere. Kafunseni aphunzitsi, ndipo mwana akapanda kusankhidwa ayesenso chaka china, kapena apite kukoleji ina. Wosasankhidwa amakhalabe ndi mawa, koma wochotsedwa chifukwa cha bodza mbiriyo imamutsata paliponse. Mwana wanu akakusiyirani pepala atasaina kale pansi, dziwani kuti wakusiyirani dzina lake. Lembanipo zoona, chifukwa pa tsiku lofunsidwa adzakhala ali yekha m'chipindamo, inu mulibe.