Zitini za a Cândido

Nkhondo itatha, anthu a ku Majaua anabwerera kuchokera ku makampu a ku Malawi n'kupeza minda yawo itasanduka thengo. Aliyense ankaloza malire pomwe pamukomera, ndipo zikwanje zinatsala pang'ono kugwira ntchito ina. Amene anaziziritsa mitima anali a Cândido, bambo wamfupi wa mwendo wopepuka, amene mutu wawo unkasunga chulu chilichonse ndi chitsa chilichonse. Ankayenda patsogolo, eni minda pambuyo, ndipo pomwe aponda ndi chidendene, malire anali pomwepo. Ankakwirirapo chitini cha mafuta ophikira cha ku kampu kuti mawa pasadzapezeke wonama. Ena ankawapatsa nkhuku, ena zikomo wapakamwa, iwo osadandaula. Anali masiku okoma amenewo, ngakhale anthu analibe ndi mbuzi yomwe.

Zaka makumi atatu zapita, ndipo mutu uja unayamba kutaya zinthu. Poyamba anaiwala pomwe asiya khasu, kenako anayamba kukoka mapazi poyenda, mapeto ake mwana wawo Belmira ankamutchula kuti mayi, ngati mlendo. Belmira anawakweza pa njinga kupita nawo kuchipatala. Dokotala anati timitsempha ta mu ubongo takhala tikutsekeka pang'onopang'ono, ndipo mtsempha waukulu wa m'khosi nawo wachepa njira, magazi akudutsa movutikira. Anawapatsa mapilitsi, koma sanabise kuti zomwe zatayika sizibwerera.

Chaka chatha Amândio, woyandikana munda ndi Belmira, ananena kuti mizere isanu ndi umodzi ya kudambo, pomwe Belmira ankakolola nyemba zodyetsa ana ake amasiye, inali ya malemu bambo ake. Belmira, mkazi wosagonja msanga, analumbira kuti ndi yake. Anawaveka bambo ake jekete, n'kuwagwira mkono kupita nawo kumunda, anthu akutsatira, ena akunong'ona kuti akungozunza nkhalamba.

Atafika pachulu, a Cândido anachotsa mkono wawo. Mapazi okokedwa aja anadzuka. Anadutsa pakati pa nyemba osayang'ana munthu, ndipo Belmira anamva chimwemwe chomwe anali atachiiwala, poona bambo ake akale akuyendanso patsogolo. Koma iwo anaima msanga, mizere ija isanayambe n'komwe, n'kuponda ndi chidendene.

"Ababa, si apo. Pitirirani, malire ali uko pa mango," anatero Belmira.

Iwo anapondanso pomwepo. Amândio anakumba, ndipo khasu lisanalowe patali linagunda chitsulo. Chinali chitini, chadzimbiri, chobookabooka. Mizere yonse isanu ndi umodzi inali ya Amândio, ndipo panalibe wotsutsa.

Belmira anakhala pansi pamzere, manyazi ndi chisoni zitamugwira pamodzi. Nyemba zinali zitapita, ndipo wozipereka anali munthu amene iye amamusambitsa m'mawa uliwonse. A Cândido anamuyandikira, navula chipewa monga ankachitira kale kwa mwini munda amene mlandu wamugwera.

"Pepani mayi, musandisungire kukhosi," anatero mofatsa. "Ngakhale mukanakhala mwana wanga, chitini chikanakhala pomwepa."

Belmira anapukuta misozi, n'kuwauza kuti akudziwa. Kenako anawagwira mkono, poti njira ya kunyumba anali ataiiwala.