Aneba Anga ndi Buleki Yonjenjemera

Aneba anga kuno ku Nkaya anakalambira pa chiwongolero cha malole onyamula thonje, ndipo sakhulupirira galimoto yoganiza yokha. Amati, "Galimoto imamvera phazi la mwini wake basi." Ngakhale akamacheza pakhonde, phazi lawo lamanja limakhala likupopa buleki yosaoneka.

Chaka chatha mwana wawo wamkazi anawagulira kagalimoto kokhala ndi ABS, makina othandiza kuti matayala asaleke kuzungulira n'kumatsetsereka munthu akaponda buleki mwadzidzidzi. Tsiku lina ng'ombe zinawadutsa kutsogolo pamsewu wafumbi. Ataponda, buleki inayamba kunjenjemera pansi pa phazi. Poganiza kuti yathyoka, anachotsa phazi, n'kukaima m'munda wa chinangwa cha eni ake.

Makaniko wa ku Balaka anawauza kuti, "Iyayi bambo, sinawonongeke. Ikamatero muzipondabe osasiya. Koma pafumbi galimoto imakaimira patali, ndiye muziyamba kuponda msanga."

Tsopano Loweruka lililonse timawaona pabwalo la mpira, akuthamangitsa kagalimotoko n'kuponda buleki, fumbi lili koboo! Nditawafunsa ngati anagwirizana nako, anaseka.

"Tinamvana, achimwene. Kakayamba kunjenjemera sindimakasiya kokha. Nako kamakhala kakuopa, ngati ine ndemwe."