Kilachi Yofewa ya Atate

Ndikukumbukira fungo la mafuta a mabuleki, lija lolasa m'mphuno ngati mankhwala a kuchipatala. Ndinali giredi sikisi, tikukhala ku Chinyunyu, pafupi ndi msewu waukulu. Atate anali ndi motoka yakalekale ya ngolo kumbuyo, imene inkanyamula chimanga, makala, odwala opita ku chipatala cha Mpanshya, ngakhale maliro. Anthu ankangowaitana kuti "ba dalaivala", ndipo iwo ankalikonda dzinalo kuposa la ubatizo.

Kenaka matenda a shuga anawalowa mwendo wakumanzere. Kilachi ya motoka ija inali ya kebulo, yolimba ngati ukuponda chitsa, moti akabwera ku ulendo ankatsika akukoka mwendo, nkhope ili thukuta lokhalokha. Amai ankati asiye kuyendetsa. Atate akamva zimenezo ankangotuluka panja.

Ndiye kunabwera ba Njovu, makanika wopemphera kwambiri, amene sankamasula nati asanatchule dzina la Yesu. Anati mankhwala ake alipo: kuchotsa kebulo n'kuika kilachi yoyendera mafuta a mabuleki, yofewa. Atate anapita okha ku Lusaka kukasaka zitsulo zake m'mamotoka akufa. Masiku atatu ba Njovu anagona chagada pansi pa motoka, pa thumba la feteleza, akuboola, akupinda kapaipi, akudzudzula ziwanda za dzimbiri.

Tsiku lomaliza panafunika kutulutsa mpweya m'paipi. Mwendo wa atate sukanatha kupopa kambirimbiri, choncho anandikweza ine pampando, iwo atagwira botolo la mafuta.

"Ponda, mwana! Ponda! Gwira pamenepo!" ankakuwa ba Njovu ali pansi.

Ndinaponda mpaka katumba kuwawa. Mpweya utatha, kilachi inayamba kutsika myaa, kubwerera bwinobwino. Ine ndi kamwa langali ndinafuula kuti, "Atate, ngakhale ine ndingayendetse!" Anthu amene anasonkhana anaseka. Mawu amenewo amandiwawa mpaka lero.

Atate anavala shati yoyera, nakwera. Analiza injini, kulowetsa giya, kunyamula phazi. Motoka inadumpha ngati mbuzi yomangidwa, n'kuzima. Anayesanso, inazimanso. Kachitatu kuseka kunali kutatha. Kachinayi amai analowa m'nyumba.

Ba Njovu anayandikira pawindo. "Ba dalaivala, nyamulani pang'onopang'ono, muimve pamene ikugwira."

"Sindikuimva," anatero atate, motsitsa mawu.

Apa m'pamene tinadziwa zimene ankabisa. Phazi lija linachita dzanzi kalekale, silinkamva kanthu. Kilachi yakale, chifukwa cha kulimba kwake, ankaimvera m'bondo ndi m'chiuno. Yatsopanoyi inali yofewa kwambiri moti sinkawauza chilichonse. Ba Njovu, maso ali pansi, anati akhoza kubwezera kebulo ija. Atate anapukusa mutu.

"Ijayo ndilibe nayo mphamvu. Iyi ndilibe nayo phazi. Mwagwira ntchito yabwino, ba Njovu."

Anthu anabalalika mmodzimmodzi, aliyense atakumbukira mwadzidzidzi ntchito ya kunyumba kwake. Atate anakhalabe m'motokamo nthawi yaitali, manja ali pa chiwongolero, akuyang'ana malole akudutsa kupita ku Chipata. Ine ndinaima pafupi ndi tayala, manja akununkha mafuta, ndikuopa ngakhale kutsokomola. Potsiriza anatsegula chitseko nandiuza kuti, "Bwera, mama, ndigwirire paphewa." Aka kanali koyamba kundipempha zotero. Sanakhalenso pampando umenewo, ndipo motoka inapita kwa amalume.

Masiku ano msewu uja wadzaza ndi timamotoka tosintha tokha magiya, topanda kilachi n'komwe. Atate anamwalira timamotoka timeneti tisanafike kwathu kuno, koma akanatha kutiyendetsa bwinobwino ndi mwendo umodzi. Inenso ndili nako kanga. Ndikamapita kumudzi kukaona amai, mwendo wanga wakumanzere umangokhala phee ulendo wonse, wamphamvu, wopanda ntchito, ndipo zimandipsetsa mtima.