Phiri la Kuseri kwa Komboni

Ndikukumbukira Loweruka lina m'mawa ku Redcliff, m'dziko la Zimbabwe, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo anali atangopuma ntchito ku fakitale ya zitsulo, ndipo m'nyumba nkhani inali imodzi: tibwerere ku Dedza kapena tikhale? Amayi anali atamanga kale mbale m'zitenje. Ine ku Dedza ndinkangomvako dzina, ndipo mtima unkandiwawa ndikaganiza zosiya anzanga.

"Esnati, vala nsapato. Handei kuphiri," anatero bambo, mosakaniza ndi Chishona.

Phirilo linali kuseri kwa komboni. Silinali lalitali, koma chitunda chake chinali chokwera ndi manja omwe. Timiyala tofiira tinkagumuka kumapazi, nyenje zikulira, udzu wouma ukundilasa m'miyendo. Bambo, ndi bondo lawo lovuta, ankaimaima n'kumati akumanga zingwe za nsapato, chonsecho anavala majombo opanda zingwe. Ndinkangoyang'ana kumbali kuti asaone ndikuseka.

Pamwamba panali kamphepo kozizira bwino. Utsi unkatuluka m'machumuni, sitima ya malasha ikukwawa ngati bongololo, nyumba zathu zitandandana ndi madenga ake ofiirira ndi fumbi. Tinakhala pathanthwe n'kumadya maputi, chimanga chokazinga chija. Ndinkayembekeza kuti andilozera kumene kuli Malawi, koma maso awo anali kumanda a kumunsi, kumene tinaika mlongo wanga Yohane ali wamng'ono.

"Tikachoka, pamanda a mlongo wako adzalambula ndani?" anafunsa, osandiyang'ana.

Kenaka anapukuta kumaso ndi chipewa.

Potsika tinachita kukhwekhwereza matako, diresi langa n'kufiira kumbuyo konse. Amayi atayamba kundikalipira, bambo anawadula mawu mofatsa: "Amake Esnati, masulani mbale zija. Sitikupita." Amayi anakhala pansi. Kwawo anali atakusowa zaka zambiri, ndipo masiku awiri sanalankhule ndi bambo. Tsiku lachitatu ndinawapeza akubzala mbeu ya mpiru kuseri kwa nyumba.

Lero machumuni aja sakufukanso. Anzanga amene ndinkaopa kuwasiya ndiwo anandisiya, ena ali ku Gweru, ena ku Joni. Ana anga ndikawauza zokwera phiri, amandiyankha m'Chishona kuti kukutentha. Ndimakwera ndekha, pang'onopang'ono, ndipo ndikafika pamwamba ndimatha kuloza manda atatu: a Yohane, a bambo ndi a amayi.