Ngalande imene ndinakumba ndi manja anga

Amene anandilakwira ndi akulu anga, obadwa m'mimba imodzi ndi ine. Anandikumbitsa ngalande imene inabweretsa madzi m'nyumba yanga, ndipo madziwo ataphwa iwo ndiwo anakhala ndi nyumba yokongola kuposa kale. Yanga inasanduka mulu wa matope. Sindikunena kuti anachita kufuna. Chimene ndikunena n'chakuti iwo ankadziwa zolembedwa pa pepala, ine sindinkadziwa, ndipo anasankha kuseka m'malo mondiuza.

Malo athu ali kumbali ya Bundabunda, pamene nthaka imatsetsereka kuchokera ku msewu kupita ku dambo. Atate atamwalira, bwalo linakhala la ife awiri. Akulu anga anatenga kumtunda, pafupi ndi msewu, popeza ndi akulu. Ine ndinatsika kumunsi, pafupi ndi mtengo wa masuku. Palibe amene anatsutsa, ngakhale ine.

Iwo anamaliza sukulu. Amagwira ntchito m'ofesi ku Lusaka, ndipo amabwera Lachisanu pa minibasi atakoleka chikwama chakuda paphewa. Ine ndinasiyira mu giredi eyiti, tsiku limene mphunzitsi anafuna kundikwapula pa mlandu wa munthu wina. Ndinalanda ndodoyo, ndinaithyola, ndinatuluka. Palibe amene anabwera kudzandibweza. Koma akulu anga atadwala malungo sabata ya mayeso, atate anawakweza pa njinga mpaka pakhomo la kalasi, n'kukhala panja kuwadikira. Zimenezi sindiiwala. Kuwerenga ndimawerenga ndithu, koma Chingelezi cha m'mapepala a makampani chimandiwawitsa mutu ndisanafike pa mzere wachitatu.

Chimene ndimadziwa ndi dothi. Ndimaumba njerwa, ndimaotcha, ndimamanga. Uvuni wanga woyamba kupsa bwino, njerwa zofiira zolira ngati belu ukazigogoda, unapita wonse ku nyumba ya akulu anga. Amayi anati n'zochititsa manyazi kuti mng'ono ayambe kufolera pamene mkulu wake alibe pake. Yanga ndinamanga pambuyo, ya zipinda ziwiri, ndi njerwa zosaotcha, chifukwa ndinali pa changu. Apongozi anga ku Palabana ananena poyera kuti mwana wawo sangapite kwa mwamuna wogona m'khitchini ya amake. Ndinadziuza kuti zootcha ndidzaziona chaka chinacho.

Mkazi wanga analowa m'nyumbamo mu Ogasiti. Anazira pansi mpaka pankawala, anapachika nsalu ya maluwa achikasu pawindo. Ndinkati ndikabwera kuntchito ndimayamba ndaima patali kuti ndiione nsaluyo ikugwedezeka.

Mu Okutobala akulu anga anandiitana pakhonde pawo. Anatulutsa pepala m'chikwama chija.

"Mfana, waiona iyi? Ni inshuwalansi. Nyumba ikapsa, balipira. Manje naonjezerapo na ya madzi, ngati kwabwera chigumula."

"Ya pano pathu?"

"Pano pene. Koma bakamba kuti pafunika ngalande kuseri, madzi yasamaime pa maziko. Izi ni zako, iwe ndiwe udziwa dothi."

"Nanga ine niikepo chani?"

"Iwe kumba chabe. Zina nizaona ine."

Mawu amenewo ndinali nditawamvapo kambiri, ndipo nthawi zonse tanthauzo lake linali limodzi. Chaka chimene ndinawalimira munda iwo ali ku tauni, feteleza anali wawo, thukuta langa, ndipo chimanga tinagawana osalemberana kalikonse. Chitsime cha pabwalo, simenti anagula iwo, wolowa m'dzenje ndinali ine, ndipo tonse timatunga. Wina amaika cha m'thumba, wina amaika msana, chinthucho chimakhala cha tonse. Ndinamva kuti pepalali ndi choncho. Bwalo limodzi, mayi mmodzi, pepala limodzi. Gawo langa linali kukumba.

Ndinakumba masiku asanu ndi anayi, dzuwa la Okutobala likuphika msana, nthaka yauma ngati konkiriti. Tsiku loyamba akulu anga anaima ndi nsapato zawo zosongoka n'kundilozera njira. Kumsewu ayi, chifukwa kumeneko adzaika geti akadzagula galimoto. Itsike kudambo. Nditakoka chingwe ndinaona kuti mzerewo ukudutsa mapazi ochepa chabe kuchokera ku khoma langa lakumbuyo. Ndinaona ndithu, sindine wakhungu pa ntchito yanga.

"Akulu, apa yapita pafupi maningi na nyumba yanga."

Anaseka, n'kugogoda chikwama. "Nanga inshuwalansi ni ya chani?"

Inenso ndinaseka. Ndinakumba mpaka kumapeto, ndipo pokhotera pafupi ndi nyumba yanga ndinagunda mwala waukulu, ndiye pamenepo ngalandeyo inakhala yosazama. Sindinadandaule. Ndinauza mkazi wanga kuti nyumba yathu ili pa inshuwalansi. Ndinauzanso anzanga oumba njerwa pamsika wa ku Chongwe, modzitama, ngati munthu amene wavala suti koyamba. Mmodzi anandifunsa kuti kodi dzina langa ndaliona papepalapo. Ndinatsala pang'ono kumumenya.

Mu Febuluwale mvula inagwa masiku atatu osapuma. Tsiku lachinayi masana inabwera ina yoposa zonse. Ndinali kumunda kuyesa kutsegula mizere, ndipo nditamva mkokomo kumtunda ndinataya khasu n'kuthamanga. Madzi a mumsewu, a pa malata a akulu anga, a m'munda wa oyandikana nafe, onse anapeza ngalande yanga yowongoka bwino ija n'kutsika nayo ngati ng'ombe zopita kudibi. Atafika pokhotera paja pa mwala analumpha. Anamenya khoma langa lakumbuyo.

Mkazi wanga anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinam'peza ataima pabedi atakumbatira beseni la zovala za mwana. Ndinam'nyamula ndi beseni lomwelo mpaka kwa amayi. Nditabwerera ndinangotulutsa matiresi ndi mapoto awiri. Njerwa yosaotcha siigwa ndi phokoso ayi. Imafewa, imatupa, kenaka khoma limangokhala pansi ngati munthu wotopa. Lakumbuyo linayamba, lam'mbali linatsatira, denga linagwada. Nsalu yachikasu ija ndinaiona ikupita kudambo.

Kwa akulu anga madzi analowa pakhomo lakutsogolo kufika m'kakolo. Ananyowetsa masofa, anatupitsa makabati, anafukula simenti ya pansi pabalaza, ndipo pangodya imodzi panachita mng'alu. Ndinawaimbira foni. Anati ndisagwire kanthu, ndisakolope, ndijambule zonse mmene zilili, chifukwa a kampani ya inshuwalansi amafuna kuona ndi maso awo. Ndinajambula nyumba zonse ziwiri, yanga kwambiri. Mungadabwe, koma mtima wanga unali m'malo. Ndinauza mkazi wanga kuti asalire, tili pa pepala.

Patapita masiku awiri apongozi anga aamuna anabwera. Anazungulira mulu wa matope uja kamodzi, manja kumbuyo. Kenaka anauza mwana wawo kuti atenge beseni lake. Kwa ine anangoti, "Mukamanga, muzabwera kumutenga."

Wa kampani anabwera sabata yotsatira, mayi wovala majombo atsopano, atanyamula tepi ndi foni yaikulu. Anayeza mzere wa matope pakhoma la akulu anga, anatsegula makabati, anajambula mng'alu. Ine ndinkamutsatira pambuyo, kudikira nthawi yanga. Atayamba kubweza tepi m'thumba ndinati, "Mayi, yasala iyi ya kumunsi. Ndiye yaonongeka maningi."

Anayang'ana kumunsi, anayang'ana pa foni yake, anayang'ana akulu anga. Iwo anali atapeza chinthu chofunika kwambiri choti awerenge pa foni yawo.

"Bambo, iyo nyumba siili pa pepala iyi."

"Ni bwalo imodzi. Ni akulu banga aba."

"Namvera. Koma pepala siiona bwalo, siiona chibale. Ilemba dzina ya munthu na nyumba imene tinabwera kuona: makoma yake, malata yake, katundu ya mukati ngati anailembetsa. Nyumba ina, olo ikhale pafupi bwanji, ifunika pepala yake. Na ya madzi muchita kupempha payekha, siibwera chabe."

"Ine ninakumba ngalande. Ndiyo inali mbali yanga."

Anandiyang'ana mwachifundo, ndipo chifundo chimenecho chinandipsetsa mtima kuposa mawu ake. Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati kwa mwana, kuti kampani sidziwa za amene anagwira piki, imadziwa za amene anasaina. Anatinso ngakhale ndikanapita ndekha kukapempha, nyumba ya njerwa zosaotcha yomangidwa m'munsi mwa madzi kampani yawo sikanailandira. Ndinafunsa ngati ndi iwo analamula kuti ngalande idutse pakhoma langa. Anati iwo anangonena kuti madzi asaime pa maziko, kumene apite n'kwa mwini nyumba kusankha.

Asanakwere galimoto anaima m'mphepete mwa ngalandeyo.

"Ni imwe munakumba iyi? Munakumba bwino. Sembe si iyi, nyumba ya bakulu banu sembe inagwa."

Galimoto inanyamuka. Ndinapita kuseri, ndinanyamula wilibala yanga n'kuimenyetsa pa mtengo wa masuku mpaka gudumu linachoka. Yanga yomwe, imene ndimadyera.

Miyezi yotsatira ndinaiona ndi maso anga tsiku ndi tsiku, chifukwa khitchini ya amayi, m'mene ndinabwerera kukagona, khomo lake limayang'ana kumtunda. Anabwera amisiri a ku Lusaka, osati ine. Pabalaza anaika matailosi oyera. Pakhomo anakweza masitepe awiri. Khoma analipaka penti yobiriwira. Masofa atsopano anatsika pa kagalimoto akadali m'mapulasitiki, ndipo alamu anga, akazi awo, sanachotse mapulasitikiwo mwezi wathunthu. Anthu opita kutchalitchi ankaima pamsewu n'kumati chigumula chawadalitsa. Ndinkalakalaka tailosi imodzi itasweka. Ndinkalakalaka penti itasuluka. Ndikavomereza zoona, chimene chinkandiwawa kwambiri si matailosi, koma chikwama chakuda chija, ndi mmene munthu amakhalira wodekha akakhala kuti amamva zonse zolembedwa m'katimo.

Akulu anga ananditumizira malata anayi akale ndi chitseko chotupa ndi madzi. Amayi anati ndithokoze. Ndinaziimika kuseri kwa khola.

Mwana wanga anabadwira ku Palabana mu Epulo. Ndinapita pa njinga, ndinapatsidwa mpando panja ngati mlendo wodzagula mkaka, anandibweretsera mwana, ndinam'nyamula pang'ono, anam'tenganso. Mkazi wanga anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanandinyoze. Anangofunsa kuti, "Mvula ikayamba tizakhala kuti?"

Pobwerera ndinaima pa boma. Pali mnyamata wina wa kampani ina amene amaika tebulo pafupi ndi msika, ndipo ndinam'funsa zonse zimene ndinayenera kufunsa chaka chatha, m'chinenero chathu, mpaka anatopa nane. Anati ndimange pamtunda, maziko a simenti, njerwa zootcha, ndipo ndikamaliza ndidzabwere ndi dzina langa, iwo adzabwera kudzaona. Ndinam'uza kuti pepalalo adzandiwerengera mzere uliwonse, ndipo ndikapanda kumva adzabwereza.

Kumapeto kwa munda wa atate kuli chulu chachikulu, pamalo pamene madzi sanafikepo chibadwire changa. Ndinasankha kudzamanga pamenepo, ndipo ndinayamba kuumba njerwa mu Meyi, ndekha, m'mawa ndisanapite ku maganyu ndi madzulo ndikabwerako. Mu Seputembala ndinaotcha. Uvuni unapsa bwino kuposa woyamba uja. Njerwazo zinali zokwanira zipinda ziwiri ndendende, popanda yotsala, ndipo mvula inali itatsala miyezi iwiri. Ndinatumiza chithunzi kwa mkazi wanga. Anayankha kuti wagula kale nsalu ina ya pawindo.

Loweruka lina mu Okutobala ndinali kupasula uvuni pamene ndinaona nsapato zosongoka zikubwera m'mizere ya munda. Akulu anga anatola njerwa imodzi, anaigogoda ndi kiyi, anamvetsera kulira kwake.

"Mfana, izi ni njerwa! Dzanja uli nayo."

Ndinapitiriza kupasula.

"Manje mvera. Pepala ija yasila chaka, nifuna kuikonzanso. Bakamba ngalande yadzala matope, ifunika kufukula, na kuika njerwa m'mbali kuti isagumuke. Nipaseko hafu ya izi, uyambe Mande. Iwe uzaotcha zina. Zina nizaona ine."

Matope amene ankanenawo anali nyumba yanga. Khoma langa lakumbuyo ndilo linadzaza ngalande yawo.

Unandibwerera mkwiyo uja umene unandithyoletsa ndodo ya mphunzitsi. M'manja ndinali ndi njerwa. Ndinaiika pansi bwinobwino kuti isabenthuke, chifukwa inali ya pangodya ya chipinda cha mwana wanga. Ndinatenga imene inali m'manja mwawo n'kuibweza pamulu. Kenaka ndinatola piki, yomwe ija ya chaka chatha, ndinaiponya pafupi ndi nsapato zawo, ndipo ndinawayang'ana m'maso koyamba chichokereni madzi aja.

"Akulu, izi njerwa nazo zili na maina, monga pepala yanu. Pali mkazi wanga, pali mwana wanga, pali ine. Imwe simulipo. Piki iyo, kumbani mweka. Ndipo muone bwino kwamene muzayapeleka madzi yanu, chifukwa kumunsi kulibenso mng'ono wanu woyalandira."