Jekete ya Agogo ku Siavonga

Fungo la polishi likasakanikirana ndi utsi wa mbaula, ine ndimaona agogo aamuna pakhomo pathu ku Mtendere, akupukuta nsapato zosapita kulikonse, wailesi ikukhosomola pambali, amayi akukupiza makala ndi chivundikiro cha poto. Agogowa anachoka ku Katete ali mnyamata kukasenza simenti pomanga damu la Kariba, ndipo nkhaniyo tinaimva mpaka nkhuku zathu nazo zikanakhoza mayeso ake.

Tsiku lina, atangotuluka m'chipatala, anati: "Nifuna kuyenda ku manzi, nikatsanzike."

Amayi anasiya kukupiza. Munthu wodwala akati akukatsanzika kumadzi, simufunsa tsiku lobwerera. Kuwaletsa kunakanika, ndiye anasankha mlonda, ine, wa sitandade yosadziwa kanthu.

"Iwe, gwira jekete yao. Olo bakutukwane, osasiya!"

Ndinagwira. M'basi ndinagwira. Ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba, ndinagwira, tikudutsa amayi oyanika tinsomba ta kapenta, tikutsika kanjira ka minga kotentha ngati chiwaya, mpaka pa kagombe kobisika kuseri kwa miyala, kopanda munthu, pomwe mitengo youma inaimirira m'madzi ngati anthu odikira basi.

"Pansi apa panali misasa yathu," anatero agogo. "Apa tinkaphika, apa tinkamenyana. Damu litatsekedwa, zonse zinamira."

Kenaka anavula jekete.

Ine ndinatsala nayo m'manja, mokhulupirika, monga anandilamulira. Mwini wake anali m'madzi kale. Akakolo. Mawondo. Chiuno. Kusambira kwanga kunali kwa m'ngalande za ku Mtendere mvula ikagwa. Ndinakuwa, koma mawu anatuluka a kamwanapiye.

Agogo anaima. Anavula chipewa, n'kuyamba kukalipira madzi, akuitana Zuze, mnzawo amene mtsinje unamukokolola ali pantchito yomanga damu.

"Zuze! Ndine Yohane. Unachoka osatsanzika, iwe wosowa mwambo. Ine nabwera kutsanzika ngati munthu woleredwa, chifukwa miyendo yakana, sinizabweranso. Mlongo wako uja unkanikaniza ninamukwatira. Uyo apo mdzukulu wako, wagwira jekete ngati chitsiru. Tsala bwino."

Anadikira pang'ono, kupereka mpata woyankha. Zuze sanatsutse.

Atatembenuka anatuluka ndi liwiro lomwe adokotala sankalidziwa, thalauza ikudontha.

"Tiye. Muli ng'ona umu."

Ndinakhala pamchenga wootcha, ndikulira ndi kuseka nthawi imodzi, agogo akufinya masokosi n'kumafunsa ngati chinangwa chimene amayi anatilongedzera ndinamaliza ndekha. Titafika kunyumba amayi anawagwira m'mapewa, kumaso, m'makutu, ngati akuwerenga ngati zonse zabwera. Agogo anakhalanso ndi moyo zaka zambiri, akutivutitsa ndi nkhani ya simenti.

Kukoleji ndinakhalako pang'ono, pepala sindinatengeko. Maphunziro amene ndinamaliza ndi a pagombe paja: mpaka lero, munthu akandipatsa chinthu kuti ndimugwirire, ndimayamba ndasuzumira ngati mwini wake akadali m'kati mwake.